Kusunga Makobiri Amene Akutha Ntchito

Madzulo ano ndifuna tikambirane za kanthu kakang'ono kamene ambiri a ife tikakaona pansi sitiweramanso kuti tikatole. Kanthuko ndi ndalama yachitsulo.

Pamene ndinali kuphunzira zauphunzitsi, ndinatumizidwa kukayesera ntchito pa sukulu ina ya kumudzi. Tsiku lina pa phunziro la masamu ndinalemba pabolodi kuti kwacha imodzi ili ndi matambala 100. Mwana wina anaimika dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi tambalayo amaoneka bwanji?" Ndinapisa m'thumba, koma munalibe ngakhale mmodzi. Loweruka lotsatira ndinapita kwa agogo anga aakazi, ndipo iwo anatulutsa kachitini ka dzimbiri m'mene ankasungamo mabatani ndi singano. Pansi pake panali matambala angapo, shileni imodzi, ndi kobiri lobowoka pakati. Kusonkhanitsa kwanga kunayambira m'kachitini kameneko.

Chifukwa chimene ndalama zing'onozing'ono zikuzimiririka sichovuta kuchimvetsa. Mitengo ya zinthu ikamakwera, ndalama yaing'ono imasowa choti igule, ndipo wogulitsa ndi wogula onse amaikana. M'chaka cha 2016 tinalandira ndalama yapepala ya K2,000, ndipo mu 2022 inabwera ya K5,000. Pamene zikuluzikulu zikulowa pakhomo, zing'onozing'ono zimatulukira kuseri mwakachetechete, popanda wozitsanzika. Zimathera m'nthaka ya pabwalo, pansi pa mphasa ndi kudzala.

Tsono chimene tikutaya pamenepo si chitsulo chabe, koma mbiri ya dziko lathu yolembedwa m'njira yoti mwana angathe kuigwira m'manja. Tiyeni tiziyale pamphasa monga mwa zaka zake.

Kobiri lobowoka lija ndi la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha kumapeto kwa 1963. Pa kobirilo pali njovu ziwiri zoimirira ndi dzina la Mfumukazi Elizabeth II. Linali ndi mnzake wocheperapo, wa theka la kobiri, wokhala ndi anyamalikiti. Panalinso tiki, kandalama kakang'ono ka makobiri atatu, kamene akuluakulu athu amakatchulabe mpaka lero.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, tinakhala ndi ndalama zathuzathu, zokhala ndi nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda. Pa sikisi panali tambala, pa shileni panali chimanga, ndipo pa ndalama ya mashileni awiri panali njovu ndi mwana wake. Mu 1971 tinasiya mapaundi, mashileni ndi makobiri, n'kuyamba kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, motero shileni inafanana ndi matambala 10. Ichi ndicho chifukwa chake chimanga cha pa shileni chinasamukira pa 10 tambala, ndipo njovu zija zinasamukira pa 20 tambala, kuti anthu asasokonezeke pamsika. Mukaika shileni ndi 10 tambala pamodzi, mwana adzaona yekha kusinthako popanda kumuuza zambiri. Pa 1 tambala panaikidwa tambala weniweni, wolengeza kuti kwacha. Pa 2 tambala panali kambalame ka mchira wautali. Pa 5 tambala panali mbalame ya kudambo ya miyendo italiitali.

Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, ndalama za 1995 ndi 1996 zinabwera ndi nkhope ya Bakili Muluzi. Pa 1 tambala panaoneka nsomba ziwiri, ndipo pa kwacha imodzi nkhwazi. Pambuyo pake chizindikiro cha dziko chinalowa m'malo mwa nkhope ya munthu. Ena mukumbukira K5 ndi K10 zolemera zija za 2006, zopangidwa ndi zitsulo za mitundu iwiri, china pakati china m'mphepete. Mu 2012 zinalowedwa m'malo ndi zina zing'onozing'ono ndi zopepuka.

Nanga munthu ayambe bwanji? Ntchitoyi siifuna chuma. Yambani ndi m'nyumba mwanu: m'mabokosi, m'masutikesi akale, m'matumba a majekete osavalidwa. Kenaka pemphani kwa achibale, mwaulemu, osatenga mwakuba. Poyamba funani imodzi yokha ya mtundu uliwonse. Mukatero mungayambe kufuna zaka zosiyanasiyana, pakuti chaka chimalembedwa pa ndalama iliyonse. Zimene muli nazo ziwiriziwiri sinthanani ndi anzanu. Inu a ku Mchinji ndi madera ena a m'malire mungapezenso ngwee za ku Zambia. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pa kasamalidwe, cholakwa chachikulu ndicho kukwecha. Musazitsuke ndi phulusa, mchenga kapena ndimu ngati mphika, chifukwa kutero kumafafaniza zithunzi ndipo sizibwereranso. Ngati zili ndi dothi, ziviikeni m'madzi a sopo, muzitsukuluze, n'kuziumitsa bwino ndi kansalu kofewa. Zigwireni m'mphepete, pakuti thukuta limadetsa chitsulo. Kulungani iliyonse payokha m'kapepala kouma, musunge pamalo opanda chinyontho ndiponso patali ndi makanda, amene angazimeze. Ana asukulu ayese ndi maginito a mu wailesi yakufa: adzaona kuti zina zimakanirira, zina ayi, chifukwa zambiri za zaka zapambuyo n'zachitsulo wamba chongokutidwa pamwamba.

Ndichenjezenso kuti musayembekezere kulemera nazo. Zambiri zinapangidwa zochuluka kwambiri, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Munthu akabwera ndi malonjezo a mamiliyoni pa kobiri lobowoka, makamaka akafuna kuti muyambe mwamupatsa kanthu, mutsekereni chitseko.

Chofunika koposa ndi kakope. Pa ndalama iliyonse lembani chaka chake, amene anakupatsani, ndi zimene iwo akukumbukira kuti inkagula. Agogo anga atagwira shileni ija anandiuza za ulendo wawo woyamba wa pabasi ndi za nsalu imene anagulidwa pa ukwati wawo, nkhani zimene ndinali ndisanazimvepo. Iwo anatisiya, koma mau awo ali m'kakope kanga, pafupi ndi shileniyo. Makobiri angadikire m'nthaka zaka zambiri, koma anthu amene anawagwiritsa ntchito sadzatidikira nthawi yonse.

Choncho sabata ino pitani kwa agogo, kwa amalume kapena kwa azakhali, mukafunse za kachitini kawo, ndipo mutenge pensulo popita.