Mawu Amene Anayankhulidwa pa Msonkhano Wapachaka: Phunziro la Kodak ndi Fujifilm

Ndapemphedwa kuti ndinenepo za mmene makampani amakonzera tsogolo lawo pa nkhani ya luso lamakono. Ndichita zimenezi pofanizira makampani awiri opanga mafilimu ojambulira zithunzi.

M'chaka cha 1975, injiniya wa kampani ya Kodak ku Rochester, m'dziko la America, dzina lake Steven Sasson, anapanga kamera yosalira filimu. Inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Akuluakulu a kampaniyo sanafulumire nayo, poopa kuti ipha malonda a filimu amene ankawapatsa phindu lalikulu. M'chaka cha 2001 anagula Ofoto, malo osungirapo zithunzi pa intaneti, komabe cholinga chawo chinali chakuti anthu azitsukitsabe zithunzi papepala. Pofika mu Januwale 2012, Kodak inapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa amene inali nawo ngongole.

Fujifilm ya ku Japan inakumana ndi vuto lomwelo, pakuti malonda a filimu anayamba kutsika chitangodutsa chaka cha 2000. Mtsogoleri wake, a Shigetaka Komori, anauza akatswiri ake kuti alembe luso lonse limene kampaniyo inali nalo, ndi kufufuza kwina kumene likanagulitsika. Anapeza kuti nzeru yoteteza zithunzi kuti zisasuluke ingathandizenso khungu la munthu. Motero mu 2007 anatulutsa mafuta odzola otchedwa Astalift, ndipo mu 2008 anagula kampani ya mankhwala ya Toyama Chemical. Panali zowawa ndithu, chifukwa antchito zikwizikwi anachotsedwa, koma kampaniyo inapulumuka.

Anzanga, Kodak sinasowe luso. Inasowa mtima wolola kuti chatsopano chilowe m'malo mwa chakale. Paja akulu anati tsobola wakale sawawa.

Ambiri mwa inu muli ndi mabizinesi, ena tili m'maofesi a boma. Tisanagule makina kapena kompyuta, tidzifunse mafunso atatu. Kodi anthu amene timawatumikira akufuna chiyani kwenikweni? Kodi luso limene tili nalo kale lingagwirenso ntchito yanji? Nanga ndani adzaphunzitsidwe kuyendetsa ndi kukonza makinawo akawonongeka? Funso lachitatuli likaiwalika, makina odula amangochita fumbi pakona, ndalama zitapita kale.

Pomaliza, ndikupempha komiti yathu kuti pamene tikukambirana zothandiza sukulu yathu ndi makompyuta, tiikenso padera ndalama zophunzitsira aphunzitsi ndi zokonzetsera makinawo.