Chikumbumtima, Msonkho ndi Inshuwalansi ya Zaumoyo: Mau Olankhulidwa kwa Nthumwi za Sinodi ku Fourways



Ndapemphedwa kuti ndilankhule pa funso limene akhristu athu olankhula Chicheŵa a kuno ku Fourways, ku Diepsloot ndi ku Cosmo City akhala akufunsa m'miphakati mwao. Funsolo ndi ili: kodi Eklezia akuti bwanji pamene boma likakamiza inshuwalansi ya zaumoyo kulipira mankhwala ndi zipangizo zolerera? Nanga mkhristu amene ndalama yake iloŵa m'thumba lotere, kodi wachimwa?

Chiphunzitso cha Eklezia pa za kulera sichidasinthe. Pa 25 Julaye 1968 Papa Paul VI adatulutsa kalata yotchedwa Humanae Vitae, m'mene adaphunzitsa kuti m'chikondi cha mwamuna ndi mkazi wake Mulungu adamanga pamodzi zinthu ziŵiri, umodzi wa aŵiriwo ndi mphatso ya kubala, ndipo kuti munthu sayenera kuzilekanitsa mwadala. Kalata yomweyo idavomereza kuti banja lingathe kutalikitsa nthaŵi pakati pa ana pa zifukwa zomveka, potsata masiku a mkazi monga Mlengi adaŵaikira. Idavomerezanso mankhwala ochiza matenda, ngakhale atamlepheretsa mkazi kutenga pathupi, malinga ngati cholinga chili kuchiza. Mfundo yotsirizayi ambiri a ife timaiiŵala, ndipo mai amene dokotala wampatsa mapilitsi chifukwa cha matenda a m'chiberekero timamsenzetsa katundu amene Eklezia sadamsenzetse.

Mkangano wa inshuwalansi udakula kwambiri ku America. Kumeneko anthu ambiri amapeza inshuwalansi kudzera kwa amene adaŵalemba ntchito. Potsatira lamulo la Affordable Care Act la 2010, boma lidalamula kuti inshuwalansiyo izilipira njira zolerera, ndipo wokana akadalipitsidwa madola 100 pa tsiku pa wantchito aliyense. Maparishi adapatulidwa pa lamuloli, koma zipatala, sukulu ndi nyumba za chifundo za Mpingo sizidapatulidwe kotheratu. Maepiskopi adakana, ndipo asisitere a Little Sisters of the Poor, amene amasamala okalamba osauka, adapita ku khoti. Mu Julaye 2020 oweruza 7 mwa 9 a Bwalo Lalikulu adagamula kuti boma linali ndi mphamvu zopatula mabungwe otere, ngakhale kuti mlanduwo udabwereranso ku makhoti aang'ono.

Tizindikire bwino chimene asisitere aja ankakana. Iwo sankapempha kuti boma litseke masitolo a mankhwala, kapena kuti lizilondalonda antchito ao kunyumba. Ankakana kuti dzanja lao lomwe, ndi dzina la chipani chao, likhale lopereka chinthu chimene amaphunzitsa kuti nchosayenera.

Kuno ku South Africa zinthu zili mwa mtundu wina. Gawo 27 la Malamulo Aakulu a 1996 limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, kuphatikizapo cha uchembere, ndipo zipatala za boma zimapereka njira zolerera kwaulere. A medical aid ali pafupifupi 9 miliyoni okha m'dziko la anthu opitirira 60 miliyoni. Pa 15 Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasaina lamulo la National Health Insurance, lofuna kukhazikitsa thumba limodzi la dziko lonse, lodzazidwa ndi msonkho. Mabungwe angapo adalitengera ku makhoti. Koma likadzayamba kugwira ntchito mokwanira, tiyembekeze kuti thumbalo lidzalipiranso zolerera, monga msonkho wathu ukuchitira kale lero.

Tsono kodi wopereka msonkho wachimwa? Aphunzitsi a za makhalidwe m'Eklezia, makamaka Alphonsus Liguori woyera, adasiyanitsa mitundu iŵiri ya kuthandiza pa choipa. Wina athandiza chifukwa mtima wake ukufuna choipacho: ameneyo ali ndi mlandu nthaŵi zonse. Wina achita ntchito yabwino pa yokha, pa chifukwa chokwanira, ndipo munthu wina patali, mwa ufulu wake, aigwiritsa ntchito molakwa: ameneyu alibe mlandu. Mkhristu wopereka msonkho, kapena wodulidwa ndalama ya medical aid pa malipiro ake kuti ana ake adzaonedwe ndi dokotala, ali m'gulu lachiŵirili. Ndalama yake yomweyo ndiyo igula katemera, mankhwala a TB ndi ma ARV. Abambo ansembe, musamuuze munthu wotere kuti atuluke mu medical aid. Mukatero mwaika banja lake pa ngozi popanda kuchotsa tchimo lililonse.

Nkhani isintha pamene chipatala cha Mpingo, kapena namwino mwini, akakamizidwa kupereka ndi manja ake. Apo mpofunika kuima nji, ndipo gawo 15 la Malamulo Aakulu, loteteza chikumbumtima ndi chipembedzo, lili kumbali yathu. Kwathu ku Malaŵi taona kuti nzotheka kugwirizana ndi boma popanda kugulitsa chikhulupiriro. Zipatala za Katolika zili m'bungwe la CHAM, boma limalipira antchito ake ambiri, koma zipatalazo zimaphunzitsa kulera kwa chilengedwe, pamene njira zina boma limapereka lokha kudzera m'zipatala zake ndi alangizi a zaumoyo. Sindikunena kuti palibe kukokanakokana. Koma kwa zaka zambiri mbali ziŵirizi zakhala zikusamala odwala a m'midzi imodzimodzi.

Pali chenjezo lina m'kalata ya Papa Paul VI limene dziko lino lidaliona ndi maso. Papa adaopa kuti maboma adzatenga njira zolerera nkuzisandutsa chida chokakamizira anthu ao. Mu 1974 boma la tsankho lidayambitsa ndondomeko ya kulera ya dziko lonse, pamene atsogoleri ake ankadandaula poyera za kuchuluka kwa anthu akuda. Jakisoni wa Depo-Provera adabaidwa kwambiri akazi akuda, kaŵirikaŵiri osaŵafotokozera bwino. Tisaganize kuti zonsezo zidatha ndi tsankho. Mu Febuluwale 2020 bungwe la Commission for Gender Equality lidatulutsa lipoti la madandaulo a akazi 48, ambiri a iwo okhala ndi HIV, amene adatsekedwa mwaumbuli kapena mokakamizidwa m'zipatala za boma za ku Gauteng ndi KwaZulu-Natal. Ena adasainitsidwa mapepala ali m'zoŵaŵa za kubereka. Ngati Sinodi ino ifuna kukweza mau pa za kulera ndi boma, iyambire pamenepa, chifukwa mkazi wosauka, mlendo, wosadziŵa Chizulu kapena Chingerezi, ndiye amasaina msanga.

Ndipo apa ndafika pa chimene chindilemera kwambiri. Akhristu athu ambiri a kuno amagwira ntchito za m'nyumba, za m'maluŵa ndi za ulonda m'mipanda ya Dainfern ndi Lonehill. Amadutsa pa chipata cha Life Fourways Hospital, koma akadwala amakafola ku kiliniki ya Witkoppen kapena ku Diepsloot. Alibe medical aid ya mtundu uliwonse yoti chikumbumtima chao chivutike nayo. Mu 2025 a gulu la Operation Dudula adaima pa zipata za makiliniki a m'Johannesburg nkumabweza alendo, amai apakati ndi ana omwe. Ndipo gawo 4 la lamulo la National Health Insurance likuti wopempha malo obisala ndi mlendo wopanda mapepala adzalandira chithandizo cha mwadzidzidzi ndi cha matenda ofunika kuŵachitira lipoti basi, ngakhale kuti ana onse adzalandira chithandizo choyambirira. Tidzaoneka bwanji pamaso pa Mulungu ngati tikangana pa zimene thumbalo lidzalipira, nkukhala chete pa abale athu amene lidzaŵatsekera kunja?

Choncho ndipempha kuti Sinodi ilembere Msonkhano wa Maepiskopi a Kumwera kwa Africa, kuti poyankhula ndi boma za lamuloli atchule zinthu izi m'kalata imodzi: chitetezo cha chikumbumtima cha zipatala ndi anamwino athu, chilolezo chenicheni cha mkazi m'chilankhulo chimene amamva, ndi kusinthidwa kwa gawo 4. Ndipemphanso kuti parishi iliyonse, isanatumize nthumwi ku msonkhano wotsatira, iŵerenge antchito ake, akatekisiti, osesa ndi alonda, ndipo inene poyera kuti ndi angati mwa iwo amene angathe kuonana ndi dokotala mwana akadwala usiku.