Tiwakumbukire agogo athu pogulitsira pamodzi kachewere



Lero tikukumbukira malemu agogo athu a kuno ku Bembeke. Ali mnyamata analowa usilikali wa Keyala, ndipo mu 1944 anali m'nkhalango za ku Burma kumenyana ndi asilikali a ku Japan. Nkhondo itatha mu 1945 analowa upolisi wa Nyasaland. Atapuma pantchito anagwira khasu, n'kumalima kachewere ndi nyemba m'mapiri a Dedza muno.

Dandaulo lawo linali limodzi. Ankati analondera chuma cha ena zaka zambiri, koma thukuta lawo la kumunda linalibe mlonda. Mavenda a mumsewu wa M1 ankagula kachewere ndi ndowa yosefukira, mtengo n'kutchula okha. Mpaka lero ambirife tikugulitsa choncho.

Tsono nkhata zamaluwa zimene asilikali akale amaikiridwa mu Novembala sizikwanira. Tiyeni tilowe m'makalabu, tizigulitsa pamodzi, ndiponso pa sikelo. Tipemphe khonsolo ya Dedza itithandize kumanga nyumba zosungiramo kachewere, kuti tisamagulitse motaya nthawi yokolola. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mzimu wa agogo athu uuse mumtendere.