Vinyo wa mphesa zoola: nkhani ya munda wa Château d'Yquem

Komiti inandipempha kuti ndilankhule za ulimi wa maiko akunja, ndipo ine ndasankha munda umodzi wokha wa mpesa wa ku France. Amene simumwa musade nkhawa, sindinabwere ndi botolo.

Mundawu dzina lake ndi Château d'Yquem. Uli pa kaphiri m'dera la Sauternes, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Bordeaux. Mpesa wobereka uli pa mahekitala pafupifupi 100. Wambiri ndi wa mtundu wa Sémillon, wotsalawo ndi Sauvignon Blanc. Vinyo wake ndi wotsekemera, wa maonekedwe a golide, ndipo amapangidwa ndi mphesa zimene mlimi wina aliyense akanataya, chifukwa zimakhala zitachita chuku.

Nkhani yake ili motere. Pafupi ndi mundawu pamadutsa kamtsinje ka madzi ozizira kotchedwa Ciron, kamene kamathira mu mtsinje waukulu wa Garonne, wa madzi ofundirapo. Miyezi ya September ndi October, kumeneko kukamayandikira nyengo yozizira, madzi awiriwa akakumana pamabuka nkhungu m'mawa, nikuta minda yonse. Chinyezi chimenechi chimameretsa chuku china chimene akatswiri amachitcha Botrytis cinerea. Chukucho chimaboola khungu la mphesa timabowo tosaoneka ndi maso. Masana dzuwa likawala ndi mphepo kuomba, madzi a m'kati amauma kudzera m'timabowo tija, mphesa n'kukwinyika, shuga n'kutsala wambiri. Koma mvula ikalimbikira, chuku chomwecho chimangooletsa zipatso, ndipo palibe chimene mungatolepo. Choncho mwini munda amasiya mphesa zakupsa kale mu mpesa kwa milungu ingapo, akudziwa kuti mvula ya sabata imodzi ikhoza kumulanda zonse.

Vuto lina n'lakuti chukucho sichigwira tsango lonse tsiku limodzi. Okolola amalowa m'mizere ndi timasizasi, nadula zokhazo zimene zakwinyika bwino, nthawi zina mphesa imodziimodzi, n'kusiya zinazo. Patapita masiku amabwereranso mu mzere womwewo. Kawirikawiri amazungulira munda kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo ntchito imatha kufika mu November. Zokolola zake n'zochepa zedi. Eni ake amakonda kunena kuti mtengo umodzi wa mpesa umatulutsa tambula imodzi yokha ya vinyo pa chaka, pamene m'minda ina ya ku Bordeaux umadzaza botolo. Akafinya, madziwo amawasiya kuti awire m'migolo yatsopano ya matabwa a mtengo wa oak, ndipo amakhala momwemo miyezi yambiri asanathiridwe m'mabotolo.

Za mbiri ndingokhudza pang'ono. M'chaka cha 1785 mwana wamkazi wa eni munda, Françoise-Joséphine de Sauvage, anakwatiwa ndi Louis-Amédée de Lur-Saluces. Mwamunayo anamwalira mu 1788 atagwa pa kavalo, ndipo mayi wamasiyeyu, akadali wamng'ono, ndiye anagwira mundawo m'zaka za chipwirikiti cha ku France, pamene anthu a m'mabanja achifumu ambiri analandidwa chuma, ena kudulidwa mitu. Iyenso analawa ndende, koma munda sanautaye. Thomas Jefferson, amene anali kazembe wa America ku France asanakhale pulezidenti, anayendera dera la Bordeaux mu 1787, ndipo pambuyo pake anaitanitsa vinyoyu, wake ndi wa George Washington. Mu 1855, pokonzekera chionetsero chachikulu cha ku Paris, amalonda anasanja vinyo wa ku Bordeaux m'magulu potsata mitengo yake. Yquem anamuika yekha pamwamba pa vinyo yense wotsekemera, m'gulu la Premier Cru Supérieur.

Tsopano ndifike pa chimene chinandichititsa kusankha mundawu. Chaka chikavuta, vinyo n'kupanda kufika pa muyeso wao, eni ake salemba dzina la Yquem pa botolo ndi limodzi lomwe. Amagulitsa vinyoyo kwa amalonda mopanda dzina, pa mtengo wotsika. Zinatero mu 1910, 1915, 1930, 1951, 1952, 1964, 1972, 1974 ndi 1992. Taonani kuti 1951 ndi 1952 ndi zaka zotsatana. Mu 1964 okolola anazungulira munda maulendo 13, koma pomaliza pake sipanatuluke Yquem. Inu amene mumasunga mabuku a ndalama m'makampani werengerani nokha: antchito alipidwa, migolo yagulidwa, mpesa wasamalidwa miyezi 12, ndipo ogula analipo amene akanalandira botololo chifukwa cha dzina lokha. Ena amati kumeneku n'kudzitama kwa anthu olemera. Ine sindivomereza. Munthu amene amagula Yquem nthawi zambiri satsekula botolo msanga, amalisunga zaka 20, 30 kapena kuposa, ndipo alibe njira yolawira asanalipire. Chimene akugula ndi mau a mwini munda. Botolo lina la chaka cha 1811 linagulidwa mu 2011 pa mtengo wa mapaundi 75,000.

Banja la Lur-Saluces linagwira mundawu zaka zoposa 200. Alexandre de Lur-Saluces anauyendetsa kuyambira 1968, koma achibale ena amene anali ndi magawo anafuna ndalama, nagulitsa magawo ao ku kampani yaikulu ya LVMH. Iye anakana, nkhani inafika ku khoti, ndipo mu 1999 kampaniyo inatenga ulamuliro. Mu 2004 Pierre Lurton ndiye analowa m'malo mwake. Okonda vinyoyu anali ndi mantha kuti kampani yoyankha kwa eni masheya sidzalola kuluza chaka chathunthu. Yankho linabwera mu 2012, mvula itaononga nyengo yokolola. Chaka chimenechonso sipanatuluke Yquem.