MATENDA AWIRI M'THUPI LIMODZI

Usiku uno tikambe za munthu wogwidwa ukapolo ndi zinthu ziwiri kapena zitatu pamodzi: kacasu, camba, fodya, kapenanso mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine.

Boma linaletsa tujilijili m'caka ca 2012, koma ludzu silinathe, ndipo ambiri akumwa amasutanso. Munthu wotere akafika kwa dotolo amaulula mowa wokha, nabisa zinazo cifukwa ca manyazi kapena kuopa kucotsedwa nchito. Apa ndipo pagona ngozi.

Tamverani cifukwa cace. Wakumwa kwambiri masiku onse akaleka mwadzidzidzi amayamba kunjenjemera, ndipo m'masiku atatu oyamba angathe kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu kulibe, ngakhale kufa kumene. Tsono dotolo amampatsa diazepam, namacepetsa pang'ono pang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 yocinjiriza bongo. Koma diazepam ikakumana ndi codeine kapena mowa m'thupi, mpweya ungathe kuima munthu ali m'tulo. Dotolo wosauzidwa zonse sangadziwe muyeso woyenera.

Kuleka camba sikupha, koma kumabweretsa kusowa tulo ndi kupsa mtima kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ena amabwerera ku botolo pofuna kugona. Pa za fodya, ena amati, "Mlekeni asute, poti mowa wasiya." Koma madotolo apeza kuti kuleka fodya nthawi yomweyo sikubwezera munthu ku mowa. Ndiponso kwa inu opuma pfumbi la pansi pa mgodi, fodya aonjezera ngozi ya cifuwa cacikuru. Cotero mabvuto onsewa ayenera kucizidwa pamodzi, pakuti kuciza limodzi lokha kuli ngati kufolera denga mbali imodzi m'dzinja.

Cithandizo cipezeka pa zipatala zazikuru za ku Ndola ndi ku Kitwe, ndiponso pa Chainama Hills ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Inu amai ndi abale, mperekezeni wodwalayo, mumkumbutse kuchula zonse zimene amamwa ndi kusuta, kucuruka kwace, ndi tsiku limene anazilawa komaliza. Akapunthwa nayambanso, musamtaye. Mbwezereni kwa dotolo, pakuti ambiri amacira atagwa kangapo.

Tsalani bwino, mugone mwamtendere.