Pamene Kompyuta Idula Nambala

Wogulitsa aliyense pamsika amadziŵa kuti kwacha imodzi singagaŵike mofanana kwa anthu atatu. Yankho lake ndi 0.333, ndipo nambala 3 imangobwerezabwereza osatha, kotero munthu amadula penapake nataya kotsalako. Kompyuta nayonso imadula. Popeza imaŵerenga ndi 0 ndi 1 basi, ngakhale 0.1 satha mkati mwake. Nchifukwa chake makina ambiri akaphatikiza 0.1 ndi 0.2 amapeza 0.30000000000000004.

Kotayikako nkochepa, koma kakachuluka kamapha. Pa 25 February 1991, ku Dhahran m'dziko la Saudi Arabia, makina a Patriot otchinga mizinga ya adani analephera ntchito yawo. Makinawo ankaŵerenga nthaŵi m'zigawo za 0.1 wa sekondi, nambala yodulidwa, ndipo atayenda maola pafupifupi 100 osazimitsidwa, wotchi yawo inali itaphonya ndi masekondi 0.34. Mzinga wa Scud unadutsa nugwera nyumba ya asilikali a ku America, ndipo anthu 28 anafa.

Motero kadulidwe ka nambala kamafunika lamulo. M'zaka za m'ma 1970 makampani monga IBM, DEC ndi Cray ankadula aliyense m'njira yake, ndipo pulogalamu imodzi inkapereka mayankho osiyana pa makina osiyana. Katswiri wa masamu William Kahan, wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, anathandiza kampani ya Intel kukonza kachipangizo koŵerengera ka 8087 kamene kanatuluka mu 1980. Maganizo ake ndiwo anakhala maziko a lamulo la IEEE 754, limene linavomerezedwa mu 1985. Lamuloli limalongosola njira yotchedwa floating point, momwe kadontho ka nambala kamasuntha malinga ndi kukula kwa nambalayo. Limanenanso kuti yankho la kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa kapena kugaŵa lizikhala nambala yoyandikira kwambiri yankho lenileni.

Komabe lamulo la makina palokha silinakwanire. Munthu salankhula ndi makina mwachindunji. Amalemba malangizo m'chilankhulo cha mapulogalamu, monga C kapena Java, ndipo pulogalamu ina yotchedwa compiler imakhala ngati womasulira pakati pa aŵiriwo. Womasulirayu amakonda liŵiro, ndipo akaloledwa amasintha dongosolo la masamu kuti ntchito ithe msanga.

Kusinthako kuli ndi mtengo wake. Womvera aganizire makina osunga manambala atatu okha, amene apatsidwa 100, 0.4 ndi 0.4. Akayamba ndi 100 ndi 0.4 apeza 100.4, nadula kukhala 100, akawonjezera 0.4 winayo adulanso, yankho nkukhala 100. Koma akayamba kuphatikiza 0.4 ndi 0.4 apeza 0.8, ndipo 100.8 imakwera kukhala 101. Manambala ndi omwewo, mayankho ndi aŵiri. Vuto lina linali lakuti zipangizo za Intel zinkaŵerenga ndi malo 80 koma nkusunga yankho m'malo 64, kotero yankho linkadalira nthaŵi imene womasulira wasankha kulisunga.

Apa ndi pamene olemba malamulo a zilankhulo analoŵererapo. Mu 1999 malamulo a chilankhulo cha C anaikamo gawo lochimangiriza ku IEEE 754, ndi njira yoti compiler idziŵitse wolemba mmene ikuŵerengera. Chilankhulo cha Java chinayamba ndi lamulo lokhwima lakuti yankho likhale limodzi pa makina onse. Mu 1998 lamulolo linafeŵetsedwa kuti ligwirizane ndi zipangizo za masiku amenewo, koma mu 2021, makina atasintha, linabwezeretsedwa.

Palibe lamulo limene lingathetse kudula, pakuti malo a m'kompyuta ali ndi polekezera. Chimene malamuloŵa amachita ndi kunena poyera pamene nambala idzadulidwe ndi mmene idzadulidwire. Akadziŵa zimenezi, katswiri woŵerengera mphamvu ya mlatho kapena kayendedwe ka mitambo ya mvula angathe kuyeza kukula kwa cholakwacho anthu asanadalire yankho lake.