Mwana Asatayikire Pakati pa Maofesi



Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndiyo imayesa mabanja ambiri. Nkhokwe zimakhala zitauma, chimanga cha m'munda chisanache. Ndi nyengo imeneyi pamene anyamata amasiya sukulu kukagwira ganyu m'maesiteti a fodya, ena mpaka kuwoloka malire kulowa m'dziko la Zambia, ndipo atsikana ena amakwatitsidwa kuti pakhomo pachepe ofuna chakudya. Uthenga wa khonsolo lero ndi wakuti palibe ofesi imodzi imene ingathetse vutoli payokha.

Chitsanzo chake ndi ichi. Mtsikana wa zaka 14, wa sitandade 7, wajomba masabata awiri. Oyamba kudziwa ndi aphunzitsi ndi amayi a gulu loyang'anira ana pasukulupo. Amayiwo akafika kwawo kwa mtsikanayo n'kupeza kuti akukambirana za ukwati, nkhaniyo isathere pomwepo. Aipereke kwa a mfumu ndi kwa mlangizi woteteza ana wa m'deralo, amene amalumikizana ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya paboma. Ngati mwanayo wagwiriridwa, apite naye kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyo. Nkhaniyo ikafikenso kupolisi, ku nthambi ya Victim Support Unit. Munthu mmodzi akasunga nkhani yotere poopa kudana ndi achibale, wovutika ndi mwanayo.

Malamulo ali kumbali ya mwana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kukakamiza mwana kulowa m'banja. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti makolo asakhalenso ndi mphamvu yololeza ukwati wa mwana wosakwana zaka zimenezi. Mtsikana amene watenga mimba ali pasukulu ali ndi ufulu wobwerera m'kalasi akachira. Ku Dedza, Mfumu Yaikulu Kachindamoto inaonetsa kuti mfumu ikaimirira, maukwati a ana amathetsedwa ndipo ana amabwerera kusukulu.

Komabe kuthetsa ukwati sikuthetsa njala imene inaubweretsa. N'chifukwa chake khonsolo imatsindika za Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira m'boma lino la Mchinji mu 2006 isanafalikire m'dziko lonse. Ndondomekoyi imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe wogwira ntchito, monga a agogo olera ana amasiye, ndipo imaonjezera ndalama kwa banja lililonse limene ana ake ali pasukulu. Mabanki a m'mudzi amathandiza mayi kupeza mpamba wa geni. Sukulu za mkombaphala zimasunga ana aang'ono kuti mkulu wawo asajombe chifukwa cholera. Magulu a achinyamata ndi maphunziro a ntchito zamanja amapatsa mnyamata chochita pafupi ndi kwawo.

Choncho khonsolo ikupempha zinthu zitatu. Choyamba, komiti iliyonse ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, ikhale ndi mayina a ana osiya sukulu m'dera lake ndipo iwapereke ku komiti ya ADC pa msonkhano uliwonse. Chachiwiri, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo asavomereze kapena kudalitsa ukwati asanatsimikize zaka za okwatiranawo. Chachitatu, aliyense wolandira dandaulo la mwana atsatire mpaka adziwe kumene lathera, osangomutumiza ku ofesi ina n'kuiwala.

Amene akuopa kudziwika angathe kuimba nambala yaulere ya 116, imene imalandira nkhani za ana. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Khonsolo ikuyembekezera kuti pofika nthawi yokolola, mwana aliyense amene dzina lake lili m'kaundula wa sukulu adzakhale akadali m'kalasi.